Tsiku Limene Dedza Anasowa M'ndandanda wa Lestina

Bambo anga, a Laxon Chikhumbo, akadali m'nyumba yawo ya pakomboni, ija ya chitseko chobiriwira moyang'anana ndi mpopi. Ndayambira dala pamenepa, chifukwa ine munthu akamandiuza nkhani mozungulira ndimadwala m'mimba, ndipo sindifuna kudwalitsa anzanga. Koma mu Febuluwale wa chaka chatha tinangotsala pang'ono kukweza mphasa ndi mapoto awo pathirakitala yomwe ndimayendetsa ineyo. Amene anatsala pang'ono kuwasamutsa ndi mlongo wanga Lestina, ndipo amene anawapulumutsa ndi yemweyonso. Nkhani yake ndi imene ndikufuna kunena. Ine ndine Nobert, mchimwene wake wamkulu.

Tonse awiri tinabadwira pafamu ya fodya kufupi ndi Tengwe. Agogo athu anabwera wapansi kuchokera ku Ntcheu kalekale, ndipo ife Ntcheuyo timangomumva m'nyimbo za pamaliro. Anzathu achishona ntchito ikawathera amakwera basi kupita kumusha kwawo, komwe kuli munda ndi manda a makolo. Ife ntchito ikatha, nyumba yathanso, chifukwa nyumba ya pakomboni ndi ya ntchito. Ukapereka kiyi, kwanu ndi m'mbali mwa msewu wa ku Karoi. Zimenezi mwana aliyense wa pakomboni amazidziwa asanadziwe kuwerenga.

Lestina anabadwa ndi matenda odana ndi zinthu zosakanikirana. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anamata timapepala pazitini zonse za amayi: mchere, shuga, soda, mpaka chitini cha misomali. Tsiku lina ndinadzuka n'kupeza kapepala pa nsapato zanga kolembedwa kuti zonunkha. Ndinamuthamangitsa komboni yonse, koma sindinganene kuti ananama. Chitupa chake chobadwira chinachedwa kutuluka, monga zimachitikira kwa ambiri a ife, ndiye anakhala zaka ziwiri osalemba mayeso. Zaka zimenezo anathera m'shedi yosankhiramo fodya pambali pa amayi athu, a Esnath. Azimayi a m'shedimo amamukumbukirabe chifukwa ankamasula mitolo ya anthu akuluakulu n'kuisankhanso, ati tsamba ili lalowa kwa eni. Kenako anaphunzira, anapita kukoleji ku Chinhoyi, n'kupeza ntchito ku Harare pakampani ina yaing'ono ya anthu asanu. Ntchito yake ndi yolemba mapulogalamu a timakina toyeza kutentha m'mabalani a fodya.

Pafamu pathu pali mabalani asanu a njerwa, ondandalikana mzere umodzi. Kuofesi amawatchula ndi manambala, wani mpaka faifi. Ife sitinawatchulepo choncho. Amuna oyamba kusonkha moto m'menemo anawapatsa mayina a kwawo: Ntcheu, Angonia, Dedza, Tete ndi Mulanje. Bambo akhala akusonkha moto wa Tete, lomwe ndi lachinayi, kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Dedza, lachitatu, mapaipi ake anadyeka ndi dzimbiri ine ndisanamere ndevu, ndiye tinaikamo mabenchi n'kukhala tchalitchi chathu. Mulanje, lachisanu, mphepo ya mu Disembala inaulutsa denga lake, choncho chaka chimenecho silinayatsidwe moto.

Kuwotcha fodya si ntchito ya munthu wokonda kucheza. Tsamba likalowa m'balani, moto suzima masiku asanu ndi awiri. Ukaupyoletsa fodya amapsa, ukausiya fodya amachita mawanga. Bambo amagwira masana, kuyambira sikisi mpaka sikisi, ndipo nyengo imeneyi ikafika samwa mowa, sapita kumaliro akutali, ngakhale kutchalitchi salowa, chonsecho tchalitchicho n'choyandikana khoma ndi balani lawo. Lestina ankamva chisoni akaona bambo akutsegula kawindo kotentha kuti awerenge kachipangizo kakale kagalasi koyezera kutentha, maso awo atafooka kale ndi utsi. N'chifukwa chake anachonderera mwini famu kuti ayese timakina ta kampani yawo. Anaika sensa m'balani lililonse, ndiye kuti kachipangizo komva kutentha, kolumikizidwa kusoketi ya magetsi a sola. Mwini famu anati aike m'mabalani onse asanu, poti awiri akufawo adzawakonza. Masensawo amatumiza manambala kubokosi la muofesi, ndipo pulogalamu ya Lestina imatumiza uthenga pafoni ya manijala wonena za mabalani atatu amene ali ndi moto. Tsiku loyatsa makinawo Lestina ankayenda ngati wagula famu yonse, ndipo kunena zoona nanenso ndinanyada.

Patangotha mwezi ndi theka, Lolemba lina m'mawa, manijala wathu a Givemore anaitana bambo. Anawaonetsa foni. Inkanena kuti masabata atatu otsatizana, tsiku Lamlungu kuyambira naini koloko mpaka thwelofu, balani lachinayi linkatsika kuchoka pa madigiri sikisite ndi kanthu kufika pa twente-foro. Kuwonjezera apo, fodya wa ulendo wachitatu anatuluka ndi mawanga akuda.

“Sekuru, mumasiya moto n'kupita kuchechi,” anatero a Givemore, powaitana mwachishona monga amaitanira akuluakulu. “Katatu konse.”

“Bwana, balani la njerwa silizizira ngati tiyi wa m'kapu,” bambo anayankha. “Ngakhale mutazimitsa ndi madzi, lingatenge tsiku.”

“Muchina haunyepi, sekuru. Makina sanama. Lachisanu mubweretse kiyi ya nyumba.”

Bambo sanatsutsenso. Anavala chipewa chawo n'kubwerera kumoto, ati fodya ali m'katimo sanalakwe kanthu. Ine ndiye ndinapsa mtima koopsa. Ndinafuna kukatenga sipanala n'kukaphwanya bokosi lija, koma mkazi wanga anandigwira malaya. M'malo mwake ndinaimbira Lestina, ndipo mawu amene ndinamuuza sindingawalembe pano. Chidule chake chinali chakuti, chidole chakocho chagonetsa bambo ako panja. Iye anangoti, “Ndikubwera, achimwene.”

Anafika Lachitatu masana, pa kombi mpaka ku Karoi, kenako pa lole ya feteleza. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anapita molunjika ku Tete, n'kuyesa sensa ya m'menemo ndi ina imene anabwera nayo. Zonse ziwiri zinanena chimodzimodzi. Ndinaona nkhope yake ikugwa, chifukwa ankayembekeza kuti mlandu ugwera kachitsulo kaja. Sensa ikakhala yabwino ndipo bambo sanasiye moto, wotsala ndi mmodzi yekha, pulogalamu imene analemba iye ndi manja ake.

Lachinayi m'mawa anapempha kuofesi kuti akopere zonse zimene masensa anatumiza tsiku Lamlungu lija, zomwe bokosilo limasunga m'kakhadi. Tinakhala pakhonde la bambo, laputopu ili pampando wa ndalema, iye atakhala pansi. Ine ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi, osati kuti ndimuthandize, koma kuti ndimuyang'anire ndi diso lofiira.

Anandifotokozera kuti abwereza tsiku Lamlungu lonse m'kompyutamo, ndipo agwiritsa ntchito chinthu chotchedwa dibaga. Imeneyi ndi pulogalamu yogwira inzake pamkono ili m'kati mwa ntchito, n'kuiimitsa, kuti uone zimene yanyamula panthawi imeneyo. Anati manambala a masensa pulogalamu yake imawaika m'chinthu chonga thumba, chomwe iwo amati vekita, ndipo chofunika n'kusuzumira m'thumbamo nthawi itangokwana naini. Ndinati zosavuta, suzumira tione.

Anaimitsa, n'kulamula kuti ionetse. Zimene zinatuluka pasikiliniyo, abale, ndi zinthu zoti munthu wabwinobwino sangaziwerenge. Mizere yodzaza timabulaketi m'kati mwa timabulaketi, mawu oyamba ndi kamzere kapansi, ndi manambala ataliatali osakaniza ndi zilembo, onga 0x55f3a9c2. Nambala yooneka ngati kutentha kwa balani panalibe ngakhale imodzi.

“Ndiye fodya wa bambo ali pati apa?” ndinafunsa.

“Palibe,” anatero. “Ikundiuza pamene thumba layambira ndi pamene lathera, koma lomanga pakamwa. Laputopu iyi ndi yatsopano, achimwene, sindinaikonze kuti izimasula matumba.”

Poyamba anayesa kuchita zamakani. Ankatenga manambala ataliatali aja n'kumawerengera papepala kuti apeze pamene pagona chinthu choyamba, chachiwiri, chachitatu, n'kumafunsa dibagayo chimodzichimodzi. Ola lathunthu linapita. Kawiri konse anasokoneza n'kuyambiranso, thukuta lili kamukamu. Kenako anaika cholembera pansi, anapuma mozama, n'kutseka zonse. Anatsegula tsamba lina lopanda kanthu n'kuyamba kulemba pang'onopang'ono ngati munthu amene alibe mlandu mawa.

“Ukutani tsopano?”

“Ndikukonza dibaga kuti izionetsa zinthu zowerengeka.”

Apa ndiye ndinaphulika. Ndinati bambo ako mawa apereka kiyi, iwe uli kalikiliki kukongoletsa kompyuta? Ndinati ndi matenda ako omwe aja omata timapepala pazitini, nyumba ikupsa iwe ukusesa pabwalo. Lestina sanakweze mawu. Anandiyang'ana ndi maso a amayi aja n'kunena kuti, “Achimwene, munaonapo munthu akusankha fodya mumdima? Amayamba watsegula mawindo a shedi.” Ine ndinangotukwana nkhuku imene inkadutsa.

Zimene anachita ndinazionerera ndi maso anga, ndipo pambuyo pake anandibwerezera kangapo mpaka ndinazigwira. Dibagayo ikamadzuka imayamba yawerenga kafayilo kena kakang'ono ka malangizo. Komanso m'kompyutamo munali kale timapulogalamu tothandiza, todziwa kumasula matumba amtundu umenewu n'kuyala zam'kati mwake poyera, kungoti dibagayo inali isanauzidwe kumene timakhala. Ndiye Lestina analemba m'kafayilo kaja mizere isanu kapena isanu ndi umodzi: pita kufoda yakutiyakuti, katenge othandizawo, uwalembe ntchito, ndipo chilichonse uzichiika pamzere wakewake. Atayatsa, inakana, n'kulavula mawu odandaula. Iye anawerenga modekha, n'kupeza kuti walakwitsa nambala imodzi m'dzina la foda. Anakonza, n'kuyatsanso.

Ulendo uno thumba linamasuka. Pasikilini panaoneka mizere yoyalana bwino, uliwonse uli ndi nambala yaitali ya sensa ndi madigiri ake pambali. Ine ndinati basi tapeza, tiyeni. Iye anapukusa mutu. Anati manambala a masensawo ndi a zilembo khumi ndi ziwiri, onse oyamba mofanana, ndipo diso lotopa lingawasokoneze. Anatinso mawa si iye yekha woti akhulupirire, a Givemore nawonso ayenera kuwerenga okha popanda womasulira. Choncho anafuna kulemba kothandiza kakekake, koti dibaga ikaona nambala ya sensa izionetsa dzina la balani.

Ananditumiza ndi pepala kuti ndikakopere manambala omatidwa pasensa iliyonse. Ine, bambo wa ana atatu, kutumidwa ndi mwana amene ndinamubereka kumsana! Ndinapita ndikung'ung'udza. Ndinadutsa Ntcheu ndi Angonia, ndinalowa m'Dedza momwe munali mabenchi okhaokha ndi kansalu ka paguwa, sensa ili bwinobwino pasoketi yake. Ku Tete ndinapeza bambo akuponya malasha. Sanandifunse kanthu, anangoti ndisaime pakhomo ndikutchinga mphepo. Ku Mulanje ndinakwera makwerero pansi pa thambo, nkhunda zikundinyera. Nditabwerako Lestina anandifunsa ngati alembe manambala a kuofesi kapena mayina athu. Ndinati lemba mayina, manambalawo ndi amene atipweteka.

Analemba mizere ina ngati makumi awiri. Nthawi imeneyi inali itakwana yopuma masana, ndipo amayi anatulukira kuchokera kushedi atanyamula chigubu cha maheu, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Masiku atatu amenewo anali asanadye chakudya chooneka. Anali atayamba kale kumanga zovala m'zitenje mwakachetechete, poganiza kuti sitikuona. Anaima kumbuyo kwathu n'kumayang'ana.

Lestina anaimitsa pulogalamu pa mphindi khumi isanakwane naini. Pasikilini panalembedwa zoti ngakhale ine ndinawerenga mosajejema: Ntcheu 41, Angonia 55, Dedza 25, Tete 63, Mulanje 24.

“Onani, Tete ali pa sikisite-firii,” anatero. “Tsopano tidumphe tione itadutsa naini.”

Anadina. Panabwera: Ntcheu 41, Angonia 55, Tete 63, Mulanje 24.

Ine ndinalumpha n'kukuwa kuti Tete akadali wotentha, bambo sanasiye moto! Ndinali wokondwa moti sindinaone china chilichonse. Lestina naye maso ake anali pa Tete pomwepo, akudabwa kuti nanga uthenga wonamawo unachokera kuti. Amene anaona ndi amayi, omwe sukulu anailekeza Giredi 4, koma zaka makumi atatu akhala akuwerenga mitolo pabenchi.

“Nanga Dedza wapita kuti?” anafunsa. “Poyamba anali asanu.”

Lestina anawerenga ndi chala. Wani, thuu, firii, foro. Chala chinaima pa Mulanje, ndipo anagwira pakamwa. Kenako anatifotokozera. Pulogalamu yake sinkayang'ana kuti nambala iyi yachokera kusensa iti. Inkangowerenga malo pamzere: woyamba ndi balani loyamba, wachinayi ndi balani lachinayi. Dedza akachoka pamzere, onse akumbuyo kwake amasendera kutsogolo. Moto wa bambo unkalembedwa pa Dedza, yemwe foni ya manijala siimuonetsa, ndipo kuzizira kwa Mulanje wopanda denga kunkalembedwa pa dzina la bambo. Mwana amene anamata dzina pachitini cha misomali anaiwala kumata mayina pamene pankafunikira kwenikweni.

“Ndine ndalakwa,” anatero, misozi ili mbwembwembwe. “Ndinkaganiza kuti asanuwo azikhalapo nthawi zonse. Koma n'chiyani chimachotsa Dedza Lamlungu lililonse naini koloko?”

Ndinamva chigubu chikugunda pansi, ndipo nditacheuka ndinaona amayi atakhala pa dothi, miyendo atatambasula ngati pamaliro.

“Maiwe, ndine,” anatero. “Kachingwe koyera kaja.”

Nkhani yake inali yotere. Masabata atatu m'mbuyomo azimayi a Mvano anapeza sipika ndi maikolofoni, ndipo amene anaumirira zimenezo anali amayi. M'Dedza soketi ndi imodzi yokha. Ndiye Lamlungu lililonse mapemphero akamayamba, amayi ankazula kachingwe ka sensa n'kulowetsa ka sipika, ndipo akatha thwelofu ankabwezera bwinobwino monga anakapezera. Ankati m'tchalitchi mulibe fodya, kachipangizoko kakuyeza chiyani? Kunena chilungamo, aliyense wa ife akanaganiza chimodzimodzi.

Ine amene ndinalonjeza kuti wolakwa ndikamupeza ndimuthyola khosi, ndinangoti kakasi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wina ndi mlongo wanga, wina ndi amayi ondibereka, onse akulira pakhonde limodzi. Koma pansi pa chisoni chimenecho mtima wanga unali utayamba kale kukhala pansi, chifukwa chinthu chinali chitaoneka, ndipo chooneka chimagwirika. Ndinatola chigubu chija n'kumwa maheu otsalawo ndekha.

Tinapita kuofesi nthawi yomweyo, Lestina patsogolo ndi laputopu yotsegula, ine pambuyo, amayi akutitsatira ngakhale tinawauza kuti atsale. A Givemore anatilandira ndi nkhope yoti atopa nafe kale. Lestina sanachonderere. Anaika laputopu patebulo n'kuwapempha kuti awerenge okha mizere iwiri ija. Anawerenga koyamba, anawerenganso kachiwiri, akusuntha chala monga anachitira iye. Kenako Lestina anawaonetsa zimene pulogalamu inalemba pa balani lachitatu masiku amenewo.

“Saka chechi yenyu inopisa kudai?” anatero a Givemore. “Tchalitchi chanu chimafika sikisite-firii? Abusa amalalikira za gehena zokhazokha kani?”

Anaseka okha, kenako anasiya, chifukwa anazindikira chimene chinatsala pang'ono kuchitika. Anafunsa kuti amazula sensayo ndani. Lestina anafulumira kunena kuti zimenezo zilibe ntchito, sensa ikhoza kuzima ndi mphezi kapena khoswe, ndipo pulogalamu yabwino siyenera kunamizira munthu chifukwa cha zimenezo. Anati mlandu ndi wake, ndipo ngati pali wochotsedwa ntchito ndi iyeyo. Koma amayi anali atalowa kale pakhomo. Anagwada n'kunena kuti, “Ndine, bwana. Musamvere mwanayu, akungondibisa.” A Givemore anawadzutsa msangamsanga, manyazi atawagwira, poti amayi ndi a msinkhu wa mayi awo.

Za mawanga aja ndinafunsa ndine, chifukwa pakamwa panga sipakhala chotseka. Ndinawakumbutsa kuti fodya ameneyo tinathyola mvula ikugwa, ndipo panali munthu wina wake amene analamula kuti tipanikize matirela awiri owonjezera m'balani limodzi. A Givemore anatsokomola n'kuyamba kufunafuna chipewa. Anati aitane bambo. Ndinati bambo sangabwere, ali pamoto. Ananyamuka okha wapansi mpaka ku Tete, ife tikuwatsatira ngati gulu la ukwati. Ndiwapatse ulemu wawo pamenepa, si mamanijala onse angayende ulendo umenewo.

Anapeza bambo atagwada pa ng'anjo. “Sekuru, ndakakutadzirai,” anatero. “Ndinakulakwirani. Kiyi ija sungani.”

Bambo anatseka chitseko cha ng'anjo, anapukuta manja pa ovolosi, n'kunena kuti, “Zikomo bwana. Ndinakuuzani kuti si tiyi.” Anathera pomwepo. Ine ndinakhala pa mulu wa malasha n'kuseka mpaka misozi, buluku langa loyera la tchuthi n'kuthera pomwepo.

Lachisanu, tsiku limene tikanakweza katundu, Lestina analithera pakhonde akukonza pulogalamu kuti izitsata dzina la sensa, osati malo ake pamzere, ndiponso kuti sensa ikazima izinena poyera kuti yakutiyakuti yasowa. Anaimbiranso abwana ake ku Harare n'kuulula yekha, popeza pulogalamu yomweyo inali m'mafamu ena anayi. Anamukalipira, koma ntchito sanamuchotse. Ndimamva kuti mpaka lero munthu watsopano akalowa pakampanipo, Lestina samulola kulemba mzere ngakhale umodzi asanakonze kafayilo kaja ka dibaga. Anzake amamuseka kuti ndi mayi wa timapepala, iye sasamala. Madzulo a tsikulo amayi anamasula zitenje zija n'kubwezera zovala m'sutikesi, osalankhula ndi munthu.

Chimene chinatsala ndi amayiwo. Lestina anawauza kawiri katatu kuti tsopano akhoza kuzula kachingwe kaja mmene angafunire, palibe chingachitike. Iwo anakana kwamtuwagalu. Anati dzanja lawo silidzakhudzanso soketi imeneyo, sipikayo aibweze kumene inachokera. Sankatha ngakhale kuwayang'ana bambo kumaso. Ankawaikira chakudya n'kutuluka, ndipo bambo, monga mwa chikhalidwe chawo, sananene kanthu.

Lamlungu ndinalawirira ku Dedza kukayala mabenchi, Lestina akundithandiza asanakwere lole yobwerera. Sipika inali pomwe amayi ankaiika masabata onse aja, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinaiyang'anitsitsa. Sinaloze kumabenchi. Inali pamwamba pa njerwa ziwiri, kukamwa kwake kutaloza kabowo kolowera mpweya ka khoma la kumbali ya Tete. Anthufe m'katimo ndife makumi atatu okha, timamvana bwinobwino popanda sipika. Ndinamukodola Lestina kuti aone. Anayang'ana sipikayo, anayang'ana kabowoko, n'kutembenukira kukhoma kuti ndisaone nkhope yake.

Anthu analowa, amayi anakhala kumbuyo kwenikweni, mutu uli pansi. Nyimbo yoyamba itangotsala pang'ono kuyamba, pakhomo panada. Anali bambo, ovolosi ili yakuda ndi malasha, fosholo ili m'manja. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi anali asanapondemo m'tchalitchi nyengo yowotcha. Anavula chipewa, anadutsa pakati pa mabenchi mpaka pasoketi, anazula kachingwe koyera, n'kulowetsa ka sipika ndi manja awo.

“Mai a Nobert,” anatero, “masabata atatu ndakhala ndikupemphera nanu kuseri kwa khomali. Lero mukufuna ndikhale wakunja? Imbani mokweza, ng'anjo ikusokosa.”

Anavala chipewa n'kutuluka mofulumira, poti moto unali utakhala wokha mphindi ziwiri. Amayi anaimirira, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kupita kutsogolo kukatenga maikolofoni.